Mlandu Usanayambe, Khoti Lake Ndi Liti?

Lero tipite ku America, tikaone nkhani imene maloya a kumeneko amalimbana nayo tsiku ndi tsiku, koma munthu wamba amaidziwa ikamugwera. Munthu wa chigawo china akalakwiridwa ndi munthu wa chigawo chinanso, mlanduwo ukazengedwe kuti? Funsoli limamveka laling'ono, ngati nkhani ya adiresi chabe. Koma ine ndikunena kuti nthawi zambiri amene wapambana pa funso limeneli wapambana mlandu wonse, mboni isanalumbire ndi imodzi yomwe.

Tiyambe ndi kumvetsa mmene dzikolo linakhalira. Kuno kwathu lamulo limene likugwira ntchito ku Nsanje ndi lomwelo ku Chitipa. Zigawo tili nazo, koma zilibe nyumba zake za malamulo kapena makhoti akeake. Khoti lalikulu ndi limodzi, kungoti lili ndi nthambi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Ku America zigawo zilipo 50, ndipo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake, nyumba yake ya malamulo, malamulo ake a ukwati, a malo, a ngongole, a ngozi zapamsewu, komanso makhoti ake kuyambira pansi mpaka khoti lake lalikulu. Pamwamba pa zonsezi pali boma la fedulo, likulu lake ku Washington, nalonso lili ndi makhoti ake. Oyambira milandu alipo 94, a apilo alipo 13, ndipo pamwamba penipeni pali khoti la Supreme la majaji 9. Ndiye mumzinda umodzi mumapeza nyumba ziwiri zozengera milandu, ina ya chigawo, ina ya fedulo, mwina zongotalikirana mtunda woyenda pansi.

Milandu yochuluka imathera m'makhoti a zigawo. Makhoti a fedulo anaikiridwa malire, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi milandu yokhudza malamulo a fedulo ndi malamulo oyendetsera dziko. Koma pali khomo lina lapambali. Mlandu wamba, wa ngongole, wa ngozi, wa kuphwanya mgwirizano, ungathe kulowa m'khoti la fedulo pa chifukwa chimodzi chokha: osumiranawo ndi nzika za zigawo zosiyana, ndipo ndalama zimene akulimbirana n'zochuluka.

Khomo limeneli linatsegulidwa chifukwa cha mantha. Nkhondo yomenyera ufulu itatha mu 1783, alimi ambiri anali m'ngongole mpaka m'khosi, ndipo nyumba za malamulo za zigawo zina zinkapanga malamulo owapepukitsira. Ku Rhode Island mu 1786 anasindikiza ndalama zamapepala n'kukakamiza okongoza kuti azilandira, ngakhale kuti mphamvu yake inali kutha tsiku ndi tsiku. Tsono taganizani wamalonda wa ku New York amene wapita kukatsata ngongole yake ku Virginia. Jaji ndi wa komweko. Gulu la anthu wamba amene amakhala pansi kumva umboni n'kugamula, limene kumeneko amati jury, ndi anansi a wokongolayo, ena a iwo nawonso ali ndi ngongole zawo. Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe. Anthu amene analemba malamulo oyendetsera dzikolo ku Philadelphia mu 1787 ankadziwa zimenezi, ndipo m'gawo lachitatu la malamulowo anapatsa makhoti a fedulo mphamvu yozenga milandu ya pakati pa nzika za zigawo zosiyana. Mu 1789 nyumba ya malamulo ya Congress inakhazikitsa makhotiwo, n'kunena kuti mlandu woterewu uzilowa ngati ndalama zake zaposa madola 500.

Cholinga chake ndi chabwino ndipo sindikuchinyoza. Mlendo ayenera kukhala ndi pothawira. Koma onani bwino mlendo amene ankamuganizira poyamba. Anali wokongoza ndalama, munthu wa katundu. Madola 500 m'masiku amenewo sanali ndalama za mlimi wamba. Ndipo malirewo akhala akukwera: 2,000 mu 1887, 3,000 mu 1911, 10,000 mu 1958, 50,000 mu 1988, kenako 75,000 pa lamulo la 1996, ndipo mpaka lero ali pomwepo. Madola 75,000 enieni sakwanira, payenera kukhala kenakake pamwamba, ngakhale senti imodzi. Mlendo amene anamubera madola 20,000, zimene mwina ndi chuma chake chonse, khomoli silimudziwa.

Pali lamulo lachiwiri limene ndikupempha kuti mulisunge, chifukwa tikumana nalo tikafika ku Oklahoma. Mu 1806, pa mlandu wa Strawbridge ndi Curtiss, jaji wamkulu John Marshall anagamula kuti pasapezeke wosuma ngakhale mmodzi amene kwawo n'kumodzi ndi wina aliyense mwa osumiridwa. Osuma akhale khumi, osumiridwa khumi. Pakangopezeka awiri, wina mbali ino wina mbali inayo, a chigawo chimodzi, mlandu wonse ndi wa khoti la chigawo.

Munthu amene ankafunikiradi pothawirapo kuposa wina aliyense anafika pakhomo limeneli mu 1853. Dzina lake Dred Scott, kapolo wa ku Missouri. Mbuye wake, dokotala wa asilikali, anakhala naye zaka zingapo ku Illinois ndi kudera la Wisconsin, kumene ukapolo unali woletsedwa, ndipo Scott ankati kukhala kumeneko kunamumasula. Anasuma ku St. Louis mu 1846. Jury inamumasula mu 1850, koma khoti lalikulu la Missouri linagwetsa chigamulocho mu 1852. Atatsekeredwa kwawo, anapita ku khoti la fedulo. Amene Scott ankamusumira, John Sanford, anali wa ku New York, iye wa ku Missouri, zigawo ziwiri zosiyana. Pa 6 Malichi 1857 jaji wamkulu Roger Taney anawerenga chigamulo chakuti munthu wakuda wochokera ku mbumba ya akapolo, kaya ndi kapolo kaya ndi mfulu, sangakhale nzika ya dzikolo, choncho alibe ufulu wosuma m'khoti la fedulo. Chigamulo chimene anthu ambiri amachitcha choipitsitsa m'mbiri ya khoti la Supreme chinayambira pa funso lomweli, lakuti khoti lake ndi liti. Panafunika nkhondo yapachiweniweni, komanso kusintha malamulo oyendetsera dziko mu 1868, kuti zinenedwe poyera kuti aliyense wobadwira m'dzikomo ndi nzika ya dzikolo ndi ya chigawo chimene akukhala.

Nthawi yomweyo amalonda anali atapeza kuti khomoli lili ndi phindu loposa jaji wosakondera. Mu 1842, pa mlandu wa Swift ndi Tyson, jaji Joseph Story anagamula kuti majaji a fedulo azitsatira malamulo olembedwa a chigawo, koma pa nkhani zamalonda zimene sizinalembedwe, asamangidwe ndi zigamulo za makhoti a chigawocho. Azigwiritsa ntchito nzeru zawo. Zotsatira zake, mumzinda umodzi munali malamulo awiri. Ukalowa nyumba iyi wapambana, ukalowa inayo waluza, pa nkhani imodzi yomweyo.

Chitsanzo chake chodziwika ndi cha matakisi a ku Bowling Green, ku Kentucky. Kampani ya Brown and Yellow inkafuna kupangana ndi kampani ya njanji kuti pasiteshoni pazinyamula matakisi ake okha. Makhoti a Kentucky ankakana mapangano otere. Eni kampaniyo anaithetsa ku Kentucky, n'kukailembetsa ku Tennessee, chigawo choyandikana nacho. Matakisi omwewo, eni ake omwewo, siteshoni yomweyo, koma papepala anali atasanduka alendo. Anasumira opikisana nawo a Black and White ku khoti la fedulo, anatenga chiletso, ndipo mu 1928 khoti la Supreme linavomereza. Jaji Oliver Wendell Holmes anatsutsa mwamphamvu, koma anali m'gulu la ochepa.

Amene anathetsa zimenezi sanali wamalonda. Anali Harry Tompkins, bambo wachinyamata wa ku Hughestown, katauni kakang'ono ku Pennsylvania, ndipo pa nthawiyo anali pa ulova. Usiku wa pa 27 Julaye 1934, cha m'ma hafu pasiti 2, anatsika galimoto ya mnzake pafupi ndi kwawo n'kuyamba kuyenda m'kanjira kotsatira njanji, kamene anthu a m'deralo ankadutsamo masiku onse. Sitima ya katundu ya kampani ya Erie inabwera kutsogolo kwake. Iye anaiona ndipo sanachite mantha, popeza anali atadutsana ndi sitima pamenepo kambirimbiri. Koma malinga ndi umboni wake, chinthu chakuda chooneka ngati chitseko chinali chitatulukira kunja kwa bogi ina. Chinamumenya, anagwa, ndipo mkono wake wamanja unalowa pansi pa mateyala achitsulo. Kuchipatala anaudula.

Maloya ake anaona vuto msanga. Makhoti a Pennsylvania ankati munthu woyenda m'kanjira kotsatira njanji ali pamalo a eni popanda chilolezo, ndipo kampani ingamulipire pokhapokha ngati inamuvulaza mwadala kapena mosalabadira n'komwe moyo wa munthu. Chitseko choiwala kutseka sichikanafika pamenepo. Koma kampani ya Erie inalembetsedwa ku New York, Tompkins anali wa ku Pennsylvania. Maloya aja anachita zomwe makampani ankachita: anakasuma ku khoti la fedulo ku New York, kumene jaji akanatha kunena kuti kusasamala wamba n'kokwanira. Jury inamupatsa madola 30,000. Khoti la apilo linavomereza.

Pa 25 Epulo 1938 khoti la Supreme linatulutsa chigamulo chimene analemba jaji Louis Brandeis. Palibe mbali imene inapempha kuti lamulo la 1842 lija lichotsedwe, koma khoti linalichotsa, litagwira ntchito zaka 96. Kuyambira tsiku limenelo, jaji wa fedulo amene akuzenga mlandu wa anthu a zigawo zosiyana ayenera kugwiritsa ntchito lamulo la chigawo, lolembedwa ndi losalembedwa lomwe. Mlandu wa Tompkins unabwezedwa kuti uyezedwe ndi lamulo la Pennsylvania, ndipo sanalandire kalikonse.

Omvera anga, ndikaganiza za mlandu umenewu mtima umandiwawa, chifukwa Brandeis ankanena zoona. Sikoyenera kuti ufulu wa munthu uzisintha chifukwa cha nyumba imene walowa. Kwa zaka pafupifupi zana makampani a njanji ndi a inshulansi anadyerera malamulo awiriwo, ndipo pamene khoti linadzuka kuti likonze zinthu, amene anapezeka pakhomo anali munthu wa mkono umodzi wopanda ntchito. Lamulo labwino linabadwa, koma mtengo wake analipira ndi iye.

Mwina mukufunsa kuti, ngati lamulo tsopano ndi limodzi, n'chifukwa chiyani maloya amalimbanabe za khoti? Chifukwa lamulo silidziwerenga lokha. Jaji wa fedulo amasankhidwa ndi pulezidenti, n'kuvomerezedwa ndi nyumba ya Senate, ndipo amakhala pampando moyo wake wonse. M'zigawo zambiri majaji amadutsa pa chisankho, amachita kampeni, amafuna mavoti ndi ndalama. Jury ya khoti la chigawo imatengedwa m'dera laling'ono lozungulira khotilo, pamene ya fedulo imatengedwa m'dera lalikulu, m'tauni ndi kumidzi komwe. M'khoti la fedulo onse a m'jury ayenera kugwirizana pa chigamulo, pamene m'zigawo zingapo ochuluka akagwirizana zatha. Maloya a makampani amakhulupiriranso kuti majaji a fedulo amasefa kwambiri umboni wa akatswiri ndipo sachedwa kuthetsa mlandu usanafike kwa jury. Ndiye kawirikawiri wovulala amafuna khoti la chigawo, kampani imafuna la fedulo. Ndipo lamulo limapatsa wosumiridwa mphamvu yosamutsa mlandu. Ukamusumira kukhoti la chigawo, iye ngati ndi wa chigawo china ndipo ndalama zake zakwana, ali ndi masiku 30 oti aunyamule mlanduwo kupita nawo ku fedulo, popanda kukupempha.

Tsopano tifike ku Oklahoma kuja. Mu 1976 banja la a Robinson linagula galimoto ya Audi kwa wogulitsa magalimoto wa ku Massena, kumpoto kwa New York. Chaka chotsatira ananyamuka kusamukira ku Arizona, bambo patsogolo ndi lole ya katundu, mayi pambuyo ndi ana awiri mu Audi muja. Akudutsa ku Oklahoma, pafupi ndi Tulsa, dalaivala woledzera anawaomba kumbuyo. Galimoto inayaka, zitseko zinakanirira, ndipo mayi ndi ana awiriwo anapsa koopsa. Woledzerayo analibe chuma choti n'kulipira nacho. Banjalo linasumira opanga galimotoyo, ponena kuti thanki ya mafuta inaikidwa malo oopsa.

Loya wawo anasankha khoti la chigawo ku Creek County, dera limene linkadziwika kuti jury yake imamvera chisoni ovulala ndipo siumira popereka chipukuta misozi. Ankadziwa kuti Audi ithamangira ku fedulo. Pofuna kutseka njirayo, anawonjezera pa osumiridwa makampani awiri a ku New York: Seaway, imene inagulitsa galimotoyo, ndi World-Wide Volkswagen, imene inkagawa magalimoto kwa ogulitsa a m'dera limenelo. Nzeru yake inali iyi. Pamaso pa lamulo, munthu amakhalabe nzika ya chigawo chake chakale mpaka atafika kwatsopanoko ndi mtima wokhazikika. A Robinson anali asanafike ku Arizona, choncho anali adakali a ku New York. New York mbali ino, New York mbali inayo. Lamulo la Marshall la 1806 lija linatseka khomo la fedulo.

Makampani awiri aja anayankha ndi funso lina, limene limayenda limodzi ndi loyambali. Anati: khoti la Oklahoma lili ndi mphamvu yanji pa ife? Sitigulitsa ku Oklahoma, sitilengeza malonda kumeneko, tilibe ofesi kumeneko. Kuyambira pa mlandu wa International Shoe mu 1945, lamulo limati chigawo sichingaitanitse munthu wakunja ngati alibe chomulumikiza nacho chokwanira. Mu Januwale 1980 khoti la Supreme linagwirizana nawo, majaji 6 kwa 3. Linati kungoti galimoto imene munagulitsa yadutsa m'chigawo china sikukupangitsani kukayankha mlandu kumeneko. A ku New York aja atachotsedwa, Audi inasamutsira mlandu ku khoti la fedulo ku Tulsa, ndipo jury ya kumeneko inagamula mokomera kampaniyo. Banjalo linalimbana ndi ma apilo mpaka m'zaka za m'ma 1990, osapeza kanthu.

Sindinganene kuti jury ya ku Tulsa inalakwitsa, chifukwa inamva umboni ndipo inaona kuti mlandu ndi wa woledzera uja. Chimene ndikunena n'chakuti mbali zonse ziwiri zinadziwa kuti nkhondo yeniyeni ili pa kusankha khoti, ndipo zinathera zaka ndi ndalama pa funso limenelo mayi ndi ana ali m'zipatala. Pa mpikisano wotere amene ali ndi thumba lalikulu ndiye amapirira. Kunonso timamva madandaulo akuti ena amasiya khoti lapafupi n'kukatenga chiletso kutali, kumene akuganiza kuti kuwakomera. Kusiyana kwake n'kwakuti ku America kusankhako kunalembedwa m'malamulo, ndipo pali maloya amene luso lawo lonse lagona pamenepo.

Nanga kampani kwawo n'kuti? Chinyengo cha matakisi chija Congress inachichepetsa mu 1958, ponena kuti kampani ndi nzika ya zigawo ziwiri: kumene inalembetsedwa, ndi kumene kuli phata la ntchito zake. Koma phata la ntchito ndi chiyani? Antchito awiri a kampani yobwereketsa magalimoto ya Hertz anasuma ku California pa nkhani ya malipiro, m'malo mwa anzawo ambiri. Ku California n'kumene Hertz inkachita malonda ochuluka kuposa chigawo china chilichonse, ndipo makhoti apansi anati ndiye kuti ndi ya komweko. Mu 2010 majaji onse 9 a khoti la Supreme anagamula kuti phata la kampani lili kumene kumakhala mabwana oiyendetsa, ndipo likulu la Hertz pa nthawiyo linali ku Park Ridge, ku New Jersey. Kulembetsa inalembetsa ku Delaware, kachigawo kakang'ono kumene makampani akuluakulu a dzikolo oposa theka analembetsa. Ndiye kampani yokhala ndi antchito zikwizikwi ku California, ndi zikwangwani zake pabwalo la ndege lililonse, pamaso pa lamulo ndi mlendo wofunika kutetezedwa kwa anthu a ku California. Mu 2005 Congress inali itafewetsanso kale njira pa milandu imene anthu ambiri amasumira pamodzi: ndalama zonse zikaposa madola 5 miliyoni, ndipo wosuma mmodzi yekha ndi wa chigawo chosiyana ndi wosumiridwa, mlandu ungathe kupita ku fedulo.

Ndisaname, mantha a makhoti a zigawo si nthano. Ku West Virginia mu 2002 jury inalamula kampani ya malasha ya Massey kulipira madola 50 miliyoni kwa mwini mgodi waung'ono, Hugh Caperton. Apilo isanamvedwe kunali chisankho cha majaji mu 2004, ndipo mkulu wa Massey, Don Blankenship, anawononga madola pafupifupi 3 miliyoni pothandiza kuti Brent Benjamin apambane mpando m'khoti lalikulu la chigawocho. Benjamin anapambana, anakana kuchoka pa mlanduwo, ndipo chigamulo cha 50 miliyoni chija chinagwetsedwa ndi majaji 3 kwa 2. Mu 2009 khoti la Supreme linati anayenera kuchoka. Mlandu unamvedwanso popanda iye, ndipo Massey inapambananso, pa mfundo yakuti mgwirizano wawo unkanena kuti mikangano izikazengedwa ku Virginia. Dziko limene jaji amafuna ndalama za kampeni likufunikiradi khoti lina loti munthu athawireko. Koma onani amene anavutika pa mlandu umenewu. Sanali kampani yaikulu yochokera kutali. Anali wamng'onoyo.

Nkhaniyi ikukhudzanso abale athu amene ali kumeneko, ku Indiana, ku Texas, ku Maryland ndi kwina, chifukwa lamulo lomweli limatsegulira khomo nzika za maiko akunja. Mmalawi amene ali ku Indiana pa viza ya sukulu, akamasumirana ndi nzika ya ku Indiana pa ndalama zoposa madola 75,000, mlandu ungathe kulowa ku fedulo. Akatenga green card n'kukhazikika ku Indiana komweko, khomolo latsekeka pa mlandu wake ndi nzika ya chigawocho, popeza lamulo silimuonanso ngati mlendo. Amalawi awiri amene sanatenge unzika wa America akasumirana okhaokha, wina ali ku Texas wina ku Maryland, njira imeneyi siwakhudza, apite kukhoti la chigawo. Milandu yothetsa ukwati, ya kulera ana ndi yogawa chuma cha masiye makhoti a fedulo saigwira, ngakhale mwamuna ali ku Ohio mkazi ali ku Georgia. Ndipo chimene amayang'ana ndi kumene munthu anali wokhazikika pa tsiku losuma, osati kumene ali lero. Wophunzira angakhale zaka zinayi m'chigawo china, koma ngati alibe mtima wokhazikika kumeneko, kwawo n'kumene anachokera.

Mukalakwitsa khoti, palibe kupepesana. Ngakhale mbali zonse zitagwirizana kuti tiyeni tingopitiriza, khoti la fedulo lopanda mphamvu pa mlandu liyenera kuutaya nthawi ina iliyonse likazindikira. Gulu lina lamalonda la ku Texas, Atlas Global, linasumira kampani ya ku Mexico ya Dataflux mu 1997, ndipo patapita zaka zitatu jury inalipatsa madola 750,000. Kenako zinadziwika kuti pa tsiku losuma, awiri mwa eni gululo anali nzika za Mexico. Akunja mbali ino, akunja mbali inayo. Awiriwo anali atachoka kale m'gululo mlandu usanazengedwe, koma mu 2004 khoti la Supreme linati zimenezo sizikonza kanthu, ndipo chigamulo chonse chinafafanizidwa. Choncho m'bale wanu akakuimbirani kuti walandira masamoni, kapena akufuna kusuma, muuzeni kuti funso loyamba kwa loya likhale lakuti mlanduwu ndi wa khoti liti, ndipo winayo angausamutse kapena ayi.

Ku America komweko anthu akhala akutsutsana ngati khomoli likufunikabe. Mu 1978 nyumba ya House of Representatives inavomereza bilu yothetsa milandu ya nzika za zigawo zosiyana m'makhoti a fedulo, koma ku Senate sinadutse. Ofuna kulitseka amati majaji a fedulo akutha nthawi pa ngozi zapamsewu ndi mikangano ya inshulansi, akugwiritsa ntchito malamulo a zigawo amene eni ake enieni ndi majaji a zigawozo. Ofuna kulisunga amati tsankho la kwathu n'kwathu silinathe.

Ine ndili ndi ofuna kulisunga, koma osati mmene lilili. Munthu wa ku Mississippi amene wachita ngozi ku Montana, kumene sadziwa aliyense, n'kusumirana ndi mwana wa m'mudzimo, ndi mlendo weniweni, ndipo ayenera kupeza jaji amene sakufuna voti ya anansi a mnzakeyo, kaya mlandu wake ndi wa madola 80,000 kaya ndi wa 20,000. Koma kampani imene ili ndi masitolo, antchito ndi maloya m'chigawo, imene imalipira msonkho kumeneko ndi kuthandiza kampeni za andale a kumeneko, si mlendo. Ikalakwira munthu wa m'chigawocho ikayankhe m'khoti la komweko. Kusintha kumeneku sikufuna kukhudza malamulo oyendetsera dziko. Malire a ndalama, tanthauzo la kwawo kwa kampani ndi mphamvu yosamutsa mlandu, zonsezi zili m'malamulo wamba amene Congress inalemba yokha, ndipo inawasinthapo mu 1958, mu 1988, mu 1996, mu 2005 ndi mu 2011.